Waya Amene Ndinamanga ndi Mphira

Nkhani iyi sindinaifotokozepo yonse kwa munthu aliyense, ngakhale kwa mkazi wanga amene tinakhala limodzi mpaka imfa inamutenga. Abusa sindinawauze, anzanga a pabawo sindinawauze. Ndikuilemba panopa dzanja lisanayambe kunjenjemera kwambiri. Kulemba komweku ndinakuphunzira ndili ndi imvi, pa chifukwa chimene chimveke kutsogoloku.

Pakhoma la kashopu kanga kuno ku boma panali satifiketi ya m'galasi. Inkanena kuti ndine mmisiri wa mafiriji ndi makina oziziritsa, woyesedwa ndiponso wolembetsedwa m'buku la bungwe loona za ntchito yathu. Munthu akabwera ndi firiji yake pangolo ankayamba wayang'ana pamenepo asanandipatse moni. Ndinkaipukuta fumbi Loweruka lililonse, koma kuiwerenga sindinkakonda.

Ndili mwana sindinapondeko m'kalasi. Kwathu kumapiri mwana wamwamuna akangotha kunyamula khasu ankapita kumunda wa mbatata, ndipo sukulu inali kutsidya kwa mitsinje iwiri. Ntchito ya mafiriji anandiphunzitsa ndi alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, ine nditakwatira kale. Iwo anali munthu wa sukulu. Anaphunzira ku koleji ya ntchito zamanja, anagwirapo ntchito mumzinda yokonza zipinda zoziziritsira nyama, ndipo dzina lawo linalowa m'buku lija kalekale. Anali ndi chidindo cha nambala yawo chimene ankasunga m'kachitini ka polishi. Atabwera kudzakhala kwathu monga mkamwini, kuno konse anali iwo okha ololedwa kugwira mafiriji a katemera a m'zipatala zing'onozing'ono.

Manja athu ankagwira ntchito mosiyana. Iwo polumikiza mawaya ankapala bwinobwino, kupota, kenako kukulunga ndi tepi yakuda mizere yolondolozana ngati akuluka mphasa. Ine ndine wamanzere, ndimapotera kwina, ndipo tepi sindinkaikhulupirira. Ndinkadula kachingwe ka mphira pa chubu chakutha cha njinga, n'kumanga mfundo ziwiri.

"Alamu, firiji si mtolo wa nkhuni," ankatero akandiona.

"Tepi yanuyo ikamva dzuwa la ku Lisungwi imamasuka yokha. Chomangidwa ndi mphira sichisuntha."

"Chabwino. Mukadzafa bokosi lanu tidzamanga ndi mphira, misomali n'kuwononga."

Ntchito yanga yambiri inali kumeneko ku Lisungwi, kumene kutentha kumakhala ngati kwakwiya. Eni magolosale ndi eni mabala sankafuna kumva za manambala. Umboni woti firiji yakonzeka unali umodzi wokha, kapu ya madzi. Ukamaliza ntchito unkaika kapu ya madzi mkati, n'kupita kukakhala pamthunzi. Pobwera unkaitulutsa mwini wake akuona, n'kuizondotsa. Madzi akapanda kugwa ndiye kuti ndiwe mmisiri, ndipo mbiri yako inkafika pa golosale yotsatira iwe usanafikepo. Ndinakhwimira m'ntchito ndi chikhulupiriro chimenecho, choti firiji yabwino ndi imene yaumitsa madzi kuti gwa, ndiponso kuti kuzizira sikuchuluka.

M'firiji muli kachipangizo kotchedwa themositati. Ntchito yake ndi kuzimitsa injini kuzizira kukakwana, ndi kuiyatsanso mkati mukayamba kufunda. Kakafa, injini siidzuka. Amisiri a pamsika tinali ndi njira yathu. Tinkatenga waya wamfupi n'kulumikiza mbali ziwirizo kuti moto uzidutsa osafunsa kachipangizo kakufako. Timati kudumphitsa. Injini imalira osapuma, ndipo chilichonse chimene chili mkati chimaundana. Tsiku lina alamu anandipeza ndikuchita zimenezi pa firiji ya mabotolo. Sanakalipe.

"Pa mabotolo chitani ngati mukufuna," anatero. "Koma ya kuchipatala musadzaidumphitse, zivute bwanji."

"Chifukwa?"

"Katemera safuna kuundana."

Ndinagwedeza mutu, koma mumtima ndinati awa ndi malamulo a anthu a mabuku, ofuna kuti ife osaphunzira tizioneka opusa. Nyama ikaundana imasungika. Nanga mankhwala angawonongeke bwanji ndi kuzizira?

Chaka chimenecho, mvula itatsala pang'ono kugwa, alamu anagwa ndi njinga yamoto pa chitunda china n'kuthyoka mwendo pawiri. Ali chigonere ndi chikhakha, uthenga unafika woti firiji ya katemera pa chipatala china chakumapiri yaima. Chipatalacho sinditchula dzina, pakuti anthu ake sanalakwe kanthu. Kuitanitsa mmisiri wina wa m'buku kuchokera mumzinda kukanatenga milungu, ndipo msewu wakumeneko ukangolawa mvula umatseka. Alamu anatenga khadi la ntchito losalembedwa kanthu, anasaina m'munsi, anadinda chidindo chawo, n'kundipatsa.

"Mukaone chimene chavuta. Ngati ndi waya kapena fyuzi, konzani, a kuchipatalako akalemba pakhadipo. Chikakhala chachikulu musakakamize. Mudzabwere mudzandiuze."

Lole inandisiya pakati panjira, kwinako ndinayenda wapansi ndi chikwama cha zida paphewa. Ndinafika dzuwa lili paliwombo. Anandilandira mayi wa zaumoyo woyang'anira katemera, wachitsikana ndithu, amene anali atangotumizidwa kumeneko. Alamu sankawadziwa nkhope. Anawerenga dzina pakhadi n'kundiitana nalo. Ine ndinavomera. Sindinganame kuti zinandidzidzimutsa. Zinandikomera kuitanidwa ndi dzina la munthu wa chidindo.

Firijiyo inali ya sola, ya chivindikiro chapamwamba. Mayiyo anali atasamutsira timabotolo tonse m'bokosi lozizira, koma ayezi wa m'bokosimo anali atayamba kusungunuka.

"Lachisanu kuli sikelo, bambo," anatero. "Azimayi akubwera kuchokera kuseri kwa phiri uko, ena amanyamuka kusanache. Ndikawauza chiyani?"

Sindinachedwe kupeza vuto. Themositati inali itafa, ndipo ina yatsopano ndinalibe. Ndinaima pamenepo ndi mawu a alamu m'khutu. Kenako ndinaganiza za ulendo wobwerera chimanjamanja, za mayiyu amene ankandiyang'ana ngati dokotala, ndi za alamu akundiseka kuti akulu a mphira agonja. Ndinadula waya wamfupi, ndinapota ndi manzere anga, ndinamanga mfundo ziwiri, n'kutseka kabokosi ka mawaya. Injini inadzuka nthawi yomweyo.

Ndinapempha kapu ya madzi. Mayi uja anandiphikira tiyi, tinacheza za msewu ndi za mango amene anabereka kwambiri chaka chimenecho. Dzuwa litapendeka ndinatulutsa kapu ija n'kuizondotsa pamaso pake. Sipanagwe dontho. Anaseka, n'kuomba m'manja mwaulemu. M'firijimo munali themometa, koma ine sindinaiyang'ane n'komwe, pakuti yanga inali kapu. Zinadzadziwika pambuyo pake kuti muvi wake unali utaima kalekale pa malo abwino, moti mayiyo m'mawa uliwonse ankalemba nambala yabwino m'buku lake.

"Ndilembe kuti chinavuta n'chiyani?" anafunsa atagwira khadi.

"Lembani kuti waya anamasuka, tamulumikiza."

Alamu nawo ndinawauza chimodzimodzi. Anandiyang'ana kanthawi ali pamphasa, mwendo uli tambalale.

"Basi?"

"Basi."

Mvula inagwa, msewu unatseka, ndipo kwa miyezi yonse ya dzinja firiji ija inkalira osapuma. Msewu utauma, oyendera ochokera kuchipatala chachikulu anakafika kumeneko. Anapeza timabotolo titaundana ngati miyala. Atatsegula kabokosi ka mawaya anapeza waya wanga, ndipo m'kabati anapeza khadi lokhala ndi dzina, saini ndi chidindo.

Kalata yoitana alamu kukaonekera ku bungwe inafika iwo atayamba kuyendera ndodo. Anandiitanitsa achemwali atapita kudimba. Tinakhala pakhonde awiriwiri. Anaiwerenga yonse mokweza, pang'onopang'ono, akumasulira m'Chichewa.

"Apa alemba kuti wayayo anali womangidwa ndi mphira," anatero. Anapinda kalata ija n'kuiika m'thumba la malaya.

Ndinanena zambiri zopanda mutu. Ndinati kunali sikelo, ndinati ayezi ankasungunuka, ndinati firiji inazizira bwino lomwe. Potsiriza ndinati, "Ndipita nanu, ndikanene kuti ndinali ine."

"Mukakanena, ine andifufuta chifukwa chobwereketsa dzina, inu akumangani chifukwa chogwira ntchito m'dzina la wina. Tigwa tonse. Mukakhala chete agwetsa mmodzi. Khadi ndinasaina ndine, palibe anandigwira dzanja. Mbumba iyi ikhale ndi wina woimirira."

Atatero mtima wanga unapepuka. Ichi ndicho chimene chandidya zaka zonsezi kuposa waya uja. Sindinabwerezenso mawu anga. Ndinangoyang'ana pansi ngati munthu womvera, chikhalirecho mkati ndikupuma.

"Achemwali anu musawauze," anapitiriza. "Koma chinthu chimodzi mundichitire. Mupite kusukulu, alamu. Mpaka pano simukudziwa chimene mwachita."

Anapita okha mumzinda, mlandu unaweruzidwa ndi mapepala, ndipo anabwerako opanda chidindo. Dzina lawo linafufutidwa m'buku. A zaumoyo anayamba kuyenda m'midzi kuitana azimayi onse amene anabayidwa kapena kubayitsa ana m'miyezi imeneyo kuti abwerenso. Ena anabwera, ena anali atasamuka, ena anakana kuti sitingakwerenso phiri lomwe lija kukalandira madzi. Pa lole, pamsika, pamaliro, nkhani inali imeneyo. Ankati mmisiri wake anapita ataledzera. Alamu nthawi imeneyo mowa sankaulawa. Anauyamba pambuyo pake.

Tsiku lina pa lole ndinamva mayi wina akuuza mnzake za khanda la m'mudzi wina wakumeneko limene linamwalira ndi kafumbata lisanathe sabata ziwiri, chonsecho mayi wake anabayidwa ali woyembekezera. Sindikudziwa ngati anabayidwa kuchokera m'firiji yanga. Sindinafunse dzina la mudzi. Ndinatsika pa siteji imene sinali yanga n'kuyenda wapansi mtunda wotsalawo.

Kuyambira pamenepo mphira sindinamangirenso waya. Ndinagula tepi.

Banja la alamu silinapirire. Munthu amene ankadzuka ndi tambala kukonza zida zake anayamba kugona m'ngalande. Patapita zaka ziwiri anamanga katundu n'kubwerera kwawo cha ku Chifunga. Anasiya mwana mmodzi wamkazi, amene panthawi ya mlanduwo anali ndi zaka khumi. Kusukulu anzake ankamutcha mwana wa wopha katemera. Ankabwera akulira, ndipo amene ankamupukuta misozi ndinali ine, malume wake. Ndinamulera ngati wanga. Anthu ankanditamanda, achemwali ankandidalitsa m'pemphero mokweza ine ndili pomwepo.

Lonjezo la sukulu ndinasunga. Ndinayamba sukulu ya kwacha pansi pa mtengo, mwamuna ndekha pakati pa azimayi amene ankandiseka kuti ndabwera kudzasankha wachiwiri. Ndinaphunzira kulemba dzina langa, kenako ndinakhala pa benchi limodzi ndi ana a msinkhu wa ana anga mpaka ndinalemba mayeso a pulayimale. Mayeso a ntchito zamanja ndinalephera kawiri chifukwa cha Chingerezi, kachitatu ndinakhoza. Zonsezi zinanditengera zaka zoposa khumi.

Ndisanalembetsedwe ananditumiza mumzinda ku maphunziro a mafiriji a katemera. Mphunzitsi wake anali mayi wolankhula mosapita m'mbali. Anaika timabotolo tiwiri pawindo, kena kabwino, kena koti kanaundanapo n'kusungunuka. Ndi maso sukanatha kusiyanitsa. Anatikhutchumula tonse n'kutiimika. M'kabwino madzi anakhala a mtambo kwa nthawi yaitali. M'kena kaja zoyera zinatsika msanga n'kukhala pansi ngati nsenga za thobwa, pamwamba madzi okhaokha.

"Aka kafa," anatero. "Katemera wa kafumbata ndi ena otere akaundana kamodzi, basi. Mwana amalira chimodzimodzi, mayi amapita kwawo atakhutira kuti wamuteteza, koma mwamubaya madzi."

Apa m'pamene ndinadziwa chimene ndinachita. Ndinakhala ndikuyang'ana zoyera zija pansi pa kabotolo.

"Zinachitikapo," anapitiriza. "Munthu wa satifiketi yake, wa chidindo chake, anadumphitsa themositati n'kumanga ndi mphira." Kalasi yonse inaseka. Kenako anandiloza. "Madala, inu si a ku Neno? Munkawadziwa?"

"Ndinangomvapo," ndinatero.

Satifiketi itatuluka ndinapita nayo ku Chifunga. Ndinawapeza alamu pansi pa mtengo wa bwemba akusula mpeni wa munthu wina, ataonda, malaya ong'ambika paphewa. Anapukuta manja asanaigwire. Anaiwerenga yonse mpaka nambala ya m'munsi.

"Mwachita bwino," anatero. "Tsopano mukudziwa?"

"Ndikudziwa."

Anandibwezera, n'kupitiriza kusula. Za mwana wawo sanafunse, koma ponyamuka anandipatsa bwemba m'kathumba kuti ndikamupatse. Mwanayo anakana kulandira.

Mwana wa achemwaliyu anakula ndi mutu wakuthwa ngati wa bambo ake. Pa tchuthi ankakhala m'shopu mwanga, ndipo asanamalize sekondale ankatha kudzaza gasi ndi kuwotcherera mapaipi kuposa amuna ambiri. Anapita ku yunivesite kukaphunzira uinjiniya. Lero amaika makina oziziritsa m'nyumba zikuluzikulu ndi m'mosungira mankhwala mumzinda. Pamaliro a amayi ake anawapatsa moni bambo ake ngati mlendo wodutsa. Chaka chatha alamu anafa ziwalo mbali imodzi, kulankhula kukuvuta, ndipo akusungidwa ndi ana a mlongo wawo. Iye sanapiteko.

Mwezi wathawu anabwera kuno Loweruka masana ndi envulopu yaikulu. Anali atakwanitsa zaka zogwira ntchito pansi pa ena, ndipo tsopano ankafuna kulembetsa kuti akhale injiniya wa chidindo chakechake. Pa fomu panali malo oti asaine munthu wa m'buku amene anamuonapo akugwira ntchito ndipo akumudziwa khalidwe. Tinakhala m'shopu, iye pa mpando wa makasitomala, ine pa kreti.

"Mwakalamba, amalume," anatero akuseka. "Shopu ikununkhabe chimodzimodzi. Kodi mphaka anafera m'firiji iti?"

"Iwe ndi amene wazolowera fungo la maofesi. Bweretsa ndione."

Ndinavala magalasi n'kuyamba kuwerenga ndi chala, monga ndimachitira. Pa mzere woyamba chala chinaima. Dzina loyamba linali lake, koma lachiwiri linali la kwathu, langa.

"Apa walakwitsa."

"Sindinalakwitse. Lolemba ndikukalumbira kuti ndisinthiretu, mapepala onse akonzedwe. Ndimati ndikuuzeni kaye inu eni ake."

"Dzina la bambo ako lalakwa chiyani?"

"Linafufutidwa m'buku lomwelo, amalume. Mukufuna ndikalilowetsenso ndi dzanja langa? Aliyense wamkulu m'ntchito muno akalimva amandiyang'ana kawiri." Anachotsa foni m'chikwama, anaiyang'ana, n'kuibwezeramo. "Ndinapempha kuti ndione mapepala a mlandu uja. Ndinawerenga onse. Ndinkaganiza kuti mwina anawanamizira. Ayi ndithu. Muli ndi chithunzi chomwe. Kudumphitsa themositati pa firiji ya katemera, zoti ngakhale wa chaka choyamba sangachite. Ndiye kumanga ndi mphira, mfundo ziwiri, ngati mtolo wa nkhuni."

Mawu amenewo anatuluka ndi kamvekedwe ka bambo ake enieni. Ndinachotsa magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

"Bambo ako akudwala, mayi iwe."

"Ndikudziwa. Mankhwala ndimatumiza."

"Mankhwala si mwana."

"Ndili wamng'ono ndinawafunsapo katatu kuti bambo, munachitiranji? Ankangoyang'ana pansi. Akanati pepa, kapena akanati ndinatopa, ndinalakwitsa, bwenzi ndikupitako. Koma kungoti zii, kenako mowa." Anapumira m'mwamba. "Amene anandiphunzitsa kugwira waya ndinu. Munayamba sukulu ndi imvi kuti muzichita zinthu m'njira yake. Dzina limene ndikufuna pa chidindo changa ndi limenelo. Sainani apa, ndi apa."

Anandipatsa cholembera. Ndinachigwira ndi manzere anga pamwamba pa mzere uja. Pansi pa mzerewo panali mawu ang'onoang'ono onena kuti wosainayo akutsimikiza kuti zonse zolembedwa n'zoona monga akudziwira. Kale mawu otere sakanandivuta, pakuti sindikanatha kuwawerenga.

"Maso atopa," ndinatero. "Ndisaina mawa kukawala bwino."

"Amalume, dzuwa lonseli?"

"Mawa."

Anandiseka kuti ukalamba wafika ndi katundu wake yense, n'kupita kunyumba kukacheza ndi apongozi anga, akazi a mwana wanga, amene amandiphikira masiku ano.

M'mawa mwake, Lamulungu, sindinavale za kutchalitchi. Ndinapita kuseri kwa shopu kumene kuli mulu wa zitsulo, ndinafukula chubu chakutha cha njinga, n'kudulapo kachingwe. Manja anakumbukira okha m'lifupi mwake. M'shopu munali firiji ya munthu wina yodikira themositati yatsopano. Ndinaikokera pakhomo pamene pali kuwala, ndinatsegula kabokosi ka mawaya, n'kutuma uthenga kunyumba kuti abwere ndi fomu yake.

Anafika atavala kale za ulendo, envulopu ili kukhwapa.

"Ntchito pa Sabata, amalume? Abusa amva."

"Ima apa. Uziyang'ana manja anga."

Ndinadula waya wamfupi n'kupala nsonga zake. Ndinapota mbali imodzi, kenako inayo, kupotera kumanzere. Anayamba kunena kanthu, mwina nthabwala, koma nditatulutsa kachingwe ka mphira m'thumba anasiya. Ndinakulunga, ndinakoka, ndinamanga mfundo yoyamba, kenako yachiwiri. Injini inadzuka n'kuyamba kulira. Tinaima pamenepo tikuimvera.

"Chaka chimenecho bambo ako anali ndi chikhakha kuyambira m'chiuno mpaka kuphazi," ndinatero. "Ukafunse aliyense wamkulu kumudzi. Kuchipatala kuja sanapondeko. Anandiletsa, ine ndinachita, ndipo ndinawanamiza."

Sanandiyang'ane. Anawerama, anazimitsa firiji ija pakhoma, n'kumasula wayayo ndi zala zake mosamala, osamasula mfundo. Anamutembenuza kangapo pa chikhatho.

"Amayi ankadziwa?"

"Ayi."

"Ndiye zaka zonsezi munkandipukuta misozi."

Anaika envulopu ija pa tebulo langa la zida, pakati pa mafuta ndi fumbi, ndipo sanaitolenso. Waya uja anamuika m'chikwama chake, n'kutuluka kukaima panja chondifulatira.

Ndinakwera pa kreti, ndinachotsa satifiketi pa msomali wake, ndinaikulunga m'nyuzipepala n'kuiika m'jumbo. Pakhoma panatsala malo oyera a ngodya zinayi. Ndinatseka shopu ndi loko. Podutsa pamene anaimapo ndinamuuza kuti ndikupita ku Chifunga kukauza alamu kuti ndanena, ndipo ndikachoka kumeneko ndipitirira mumzinda ndi jumboli, Lolemba likandipeze pakhomo la bungwe. Sanatembenuke. Ndinatsika ndi msewu wopita pamene pamaima njinga zamoto, belu la tchalitchi likulira, ndipo nditafika ndinauza oyendetsa awiri kuti adikire kaye pang'ono, mmodzi wonyamula ine, winayo wonyamula iye ngati angabwere.